Chala chachikulu, batani laling'ono

Akatswiri a makompyuta akuti masiku ano kukhala mu ofesi n'kwachikale. Ma virtual machine aja, makompyuta khumi opanda thupi okhala m'kati mwa kompyuta imodzi kudzera pa Proxmox kapena VMware, amawayatsa ndi kuwazimitsa pafoni ali pachinkhoswe. Zabwino ndithu. Kungoti pafoni mabatani a Reboot ndi Shutdown amakhala moyandikana, ndipo chala cha munthu wodya bwino sichisankha.

Ena amachita kuziputa dala: amaika pulogalamu ya beta, yosapsa, imene eni ake anena poyera kuti ikhoza kugwa. Amawasakira zolakwika kwaulere, n'kumathokozanso. Snapshot, yomwe ikanabweza makina mmene analili dzulo, amaikumbukira seva ya malipiro a antchito itazima kale, pa 28.