Ku Chalimbana aliyense ndi mphunzitsi

Kuno ku Chalimbana uphunzitsi uli m'madzi. Sukulu ya aphunzitsi inakhazikika pano mu 1939, ndipo kuyambira 1955 mpaka 1958 pankagwira choko mnyamata wina wa magalasi wochokera ku Southern Rhodesia, dzina lake Robert Mugabe. Lero pali Chalimbana University. Ndiye musadabwe kuti aliyense amene anamwako madzi a mtsinje wa Chalimbana amafuna kukuphunzitsani kanthu. Ine ndekha ndi amene ndinabwera kuno ngati mwana wasukulu, ndipo mayeso sindinakhozepo ndi kamodzi komwe.

Mphunzitsi wanga woyamba anali kondakitala wa minibasi ya pa Great East Road. Tikuchokera ku Lusaka, chenji changa chinali K5, cha mayi wina amene anakhala pambali panga K5 yomweyo. Njira yonse mnyamatayo ankangoti, "Ndikupatsani, musade nkhawa." Titatsika pa Chongwe anatulutsa K10 imodzi, nandifumbatitsa, kenako n'kuloza mayi uja.

"Ba mudala, ndakukwatitsani. Mukagawane mwamtendere."

Minibasi vuu! Tinatsala awiri, sitidziwana ngakhale dzina, koma chuma tili nacho chimodzi. Tinayenda tuntemba titatu kufuna chenji, osachipeza. Pomaliza tinagula vitumbuwa n'kudyera pomwepo, chiimire. Koma nkhani ya pa Chongwe siyembekeza galimoto. Pamene ndinkafika pakhomo, mayi a kunyumba anali ataima kale pakhonde, manja m'chiuno.

"Ndamva kuti mwakwatira. Palibe mlandu. Koma mkazi wa K5 ameneyo abwere, mbale azitsuka ndi iyeyo."

Masamu ndimaphunzira kwa apongozi anga aakazi. Mu Januwale 2013 Bank of Zambia inachotsa maziro atatu pa kwacha, dziko lonse n'kutsatira, kupatula iwo. Iwo anasunga ndalama zonse ziwiri m'mutu, yakale ndi yatsopano, ndipo amadziwa bwino tsiku lotulutsa iliyonse. Ndikakongola K200 kwa iwo, mudzi wonse umamva kuti mkamwini anatenga zikwi mazana awiri, anthu n'kumandiyang'ana ngati ndagula famu. Akakongola iwo K200 yomweyo kwa ine, mwezi n'kutha, ine n'kutsokomola pang'ono, amayankha akuyang'ana nkhuku, poti mkamwini sayang'anidwa kumaso: "Iwe nkhuku, ka thu handiredi nako n'kokumbutsana pa chibale?" Nkhukuyo sinandiikirepo kumbuyo.

Koma sukulu yeniyeni inatsegulidwa mu 2024. Mvula inakana, chimanga chinauma chili chiimire, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba atatsika, magetsi anayamba kuyenda ngati mfiti: kubwera pakati pa usiku, tambala asanalire apita. Wailesi yakanema zii, mafoni zii. Ine ndi mayi a kunyumba tinapezeka takhala moyang'anizana, mbaula pakati, malasha akuthetheka. Tinayamba kucheza, ntchito imene tinaisiyira pa chibwenzi.

Usiku wachitatu anandiitana ndi mawu otsika.

"Bambo a ana, ndikuuzeni kanthu, koma musakwiye."

Mtima unagunda ngati chigayo. Ndinayamba kuwerenga ana m'mutu, ndani akufanana nane mphuno, ndani makutu.

"Kapenta wa ku Siavonga sindimukonda. Ine ndi wa ku Mpulungu."

Zaka khumi ndi ziwiri! Mwezi uliwonse ndikalandira malipiro ndinkatsika ku Soweto Market, kukankhana ndi mawilibala, kununkhiza, kutsitsa mtengo, kuti ndibweretse kapenta wa ku Siavonga, mphatso ya mkazi wanga. Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere kale.

"Munkalowa naye pakhomo mukumwetulira ngati mwapha njovu. Ndikanayambira pati?"

Mdima umalimbitsa mtima. Ndinaona kuti mnzanga wavula zakukhosi, nanenso ndivule. Ndinakonza pakhosi, n'kusendeza kampando.

"Amayi, inenso ndili ndi mawu. Ndalama za chilimba zija ndinati zinabedwa m'minibasi, zoona zake n'zakuti..."

Ngwee! Nyumba yonse kuwala. Ana kukuwa kuchipinda, "Abwera! Abwera!" Mayi anadumpha mbaula ngati mtsikana, kuthamangira chaja, wina ayironi, wina kuika madzi m'firiji. Ndinatsala ndekha, pakamwa pali yasa, chiganizo chili pakati. Mpaka lero sanafunse kuti mathero ake anali otani. Koma magetsi akangothima amakoka kampando kaja, n'kunena mokoma, "Paja munkanena za chilimba." Ine nthawi yomweyo ndimakumbuka kuti mbuzi sindinazitsekere. Mbuzi zathu ndi zotsekeredwa bwino kuposa zonse m'boma la Chongwe.

Chaka chomwecho ndinati ndisaphonye Chakwela Makumbi, mwambo wa Asoli wopempha mvula, umene amatsogolera Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Ndinapita, ndinaomba m'manja koposa eni mwambo, ndinabwerako mawu atasasa. Chimene ndinaiwala n'chakuti kuyambira Juni mayi a kunyumba ankandiuza za lata lobooka pamwamba pa bedi, ine n'kumati, "Mawa."

Mvula yoyamba inagwa usiku. Ndinadzidzimuka dontho litandimenya pachipumi, lachiwiri m'khutu. Poyatsa tochi ndinapeza mayi anasamuka kale, agona pamphasa pakona youma, bulangete lonse atatenga. Anangotulutsa dzanja limodzi n'kundikankhira poto wa nsima.

"Gwirani, bambo. Munaipempha nokha, ndiye yabwera kwa mwini wake."