Amalume Ake a Buledi

Mwana wa mchemwali wanga ku Kauma wayamba kuphunzira Chijeremani pa foni, akuti akufuna akagwire ntchito ya unamwino ku Germany. Tsiku lina akundiuza kuti, "Amalume, kumeneko buledi amati Brot." Sanalekere pomwepo. Ku Netherlands, ngakhalenso Mabunu a ku Joni, amati brood. Ku Sweden ndi bröd, ku Denmark ndi ku Norway brød, ndipo Mngelezi amene anatisiyira buledi wathuyu amati bread. Onsewa ndi a bere limodzi. Anabalalika zaka zoposa 1,000 zapitazo koma mphuno ikadali yomweyo. Akuluakulu aja sananame: chibale ndi fupa, sichiola.

Ndiye kuti buledi wa pa okala ya kufupi ndi msika wa Kauma, uja wa m'jumbo amene ukamufinya amakwana m'dzanja limodzi, ali ndi amalume ake ku Berlin. Ndipotu si amalume wamba. Ajeremani analembetsa mitundu ya buledi yoposa 3,000, ndipo mu 2014 anaika luso lophika buledi pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe chawo. Chakudya chamadzulo amangochitcha Abendbrot, buledi wamadzulo. Tangoganizani bambo wandevu zake, sakudwala, ndalama ya ufa ali nayo, koma akugonera buledi mwadala. Kungoti Brot wakeyo ndi wakuda, wowawasa, wolemera ngati njerwa yootcha. Wa kwathuyu mkati muli mphepo yokhayokha. Ukadya masilayisi asanu ndi tiyi, pofika 10 koloko m'mimba mwayamba kale kufunsa za nsima.

Kuli mtundu winanso. Amene anawolokapo pa Zóbuè kupita ku Tete amadziwa pão wa Apwitikizi, m'bale wake wa pain wa ku France, pan wa ku Spain ndi pane wa ku Italy. Ameneyu ndi woyendayenda, anakafika mpaka ku Japan m'zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500 ndipo mpaka lero kumeneko amati pan. Mkate, amene timafanana naye dzina ndi Aswahili, anangodzichepetsa: amapezeka pa Mgonero kutchalitchi ndi m'masamba a nthochi kumudzi. Ana obadwira kuno tinawatcha tokha, wina Obama, wina Bin Laden, ndipo ankagona m'basiketi imodzi popanda ndewu.

Zimene mwambi uja sunena n'zakuti fupa limeneli limadula. Tirigu timalima pang'ono chabe kumapiri a Neno ndi Ntcheu. Wochuluka amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi madola. Mu February 2022 Russia italowa m'dziko la Ukraine, awiri onsewo eni nkhokwe za tirigu, maliro anali kutali koma chipepeso tinapereka ife, tsiku ndi tsiku, pa windo la okala. Mu May chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, ndipo buledi anayamba kugulidwa theka, kenako masilayisi owerenga. Uthenga wa maliro sunatifike, mpando pa siwa sanatipatse, koma m'kaundula wa osonkha dzina la Kauma silisowa.

Apa ine kuseka kumandithera. Mayi amadzuka kusanache, n'kuyenda wapansi kuchoka ku Kauma kukalowa m'mpanda wa ku Area 12. Kumeneko amadula buledi wa abwana, kumuwotcha, kupaka majarini, makoko n'kuponyera agalu. Ana ake apita kusukulu atamwa tiyi wopanda chomwera. Mayiyu ndi tirigu wa ku Ulaya chibale chawo n'cha mbali imodzi: kwawoko kukagwa zovuta amamva ndi iye, koma ku Berlin palibe amene anamvapo za chigumu, ndipo chimanga chikapsa ndi dzuwa ku Dowa palibe Mjeremani amene Brot wake amachepa.

Ine ndinati basi, chibale chotere chikhale, ndibwerere kwa mbatata, mwana wa m'dimba mwathu. Koma nayonso ndi mlendo: kwawo ndi ku America, ndipo Apwitikizi amene anayenda nayo amati batata. Mayi wogulitsa pamsika wachotsa kale imodzi pa mulu. Nditadandaula sanandiyang'ane n'komwe, anangoti, "Dola yakwera, bambo."