Buku la Ndalama za Pakhomo: Ulendo wa Amayi ku Joni, Ogasiti 2024

ZOLOWA

Gawo langa la kubanki m'khonde: K620,000.
Phindu la nkhuku: K280,000.
Zimene awonjezera bambo a ana: K300,000.
Zonse pamodzi: K1,200,000.

Chimanga sichili pa tsamba lino. Chaka chino mvula inadula msanga chifukwa cha El Niño, ndipo mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Ife tinagula matumba 8 mu Juni, thumba limodzi K40,000, tinathira mankhwala, ali kuchipinda. Fizi ya ana ya Seputembala yasungidwa payokha. Ziwirizi zikanapanda kutheka, tsamba lino silikanatsegulidwa.

ZOTULUKA TISANANYAMUKE

Pasipoti ya amayi: K50,000. Chaka chatha ikanakhala K90,000.
Zithunzi ndi minibasi: K9,000.
Kuyezetsa amayi shuga ndi kuthamanga kwa magazi: K4,000. Zonse zili bwino. Ndinafuna kudziwiratu chifukwa ndinkadziwa zimene tikukadya.
Matikiti a basi, Blantyre mpaka Johannesburg, anthu awiri, kupita ndi kubwera: K720,000.
Kamba wa panjira, nkhuku yokazinga, mbatata yophika, madzi: K22,000. Mandasi anakazinga amayi okha, anakana kuti ndilembe mtengo.
Za kwa achimwene ku Joni, mpunga wa Kilombero, tsabola wa Nali, masamba a tiyi a Chombe: K34,000.
Pamodzi: K839,000.

Ma randi: K360,000. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja kuzipeza ndi ntchito payokha. Tinagwirizana pachibale kuti achimwene akatipatsa R3,000 tikafika, ife tisiye K360,000 kwa apongozi awo amene akusunga mwana wawo kuno, ya fizi ndi chakudya. Randi imodzi K120.
Yotsala m'chikwama: K1,000.

PANJIRA

Mwanza, Zóbuè, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, Musina, Park Station.
Chidindo cha masiku 30 polowa South Africa: R0.
Chimbudzi ndi tiyi: R70.
Simu khadi ndi mayunitsi: R100.
Juzi ya amayi: R220. Johannesburg ali pamwamba, mamita oposa 1,700, ndipo mphepo ya Ogasiti imalowa m'mafupa.
Kuchoka ku Park Station kukafika ku Mayfair: analipira achimwene.

ZOTSEKEMERA

Koeksister 6: R60.
Mzere uwu ndi waung'ono koma ndiulemba motalika. Amayi akhala akukazinga mandasi ndi zitumbuwa n'kumagulitsa pageti la sukulu kuyambira ife tisanayambe Sitandade 1. Ankawerenga potuluka m'nyumba, ankawerenganso pobwerera. Lathunthu linali la wogula, lopserera linali la ife ana, losweka ndilo linali lawo. Ndiye atalandira koeksister sanafulumire kuluma. Anaitembenuza, anaona kuti ndi yolukidwa ngati tsitsi, anainyema pakati kuti aone m'mene madzi a shuga alowera. Alamu anawafotokozera kuti chinsinsi chake n'chakuti imachoka m'mafuta ikadali yamoto n'kumizidwa m'madzi a shuga ozizira kwambiri, ogona m'filiji. Ndiye kunja imakhala yokhukhuta, m'kati yonyowa. Amayi anati, "Ufa wake ndi womwewu." Anadya ziwiri zathunthu.

Jalebi, barfi ndi gulab jamun ku Fordsburg, bokosi limodzi: R140. Fordsburg ndi Mayfair n'zoyandikana, mashopu ambiri ndi a amwenye, ndipo mnyamata amene anatiyezera pasikelo anatimva tikulankhula n'kutipatsa moni m'Chichewa. Barfi, ya mkaka wowiritsa mpaka kulimba, amayi anaikonda. Jalebi anati shuga wachita kunyanya. Ine ndikugwirizana nawo.
Aisikilimu, awiri: R50.
Melktert wa Lamlungu pochoka kutchalitchi: R85. Ndi wa mkaka ndi mazira, pamwamba owaza sinamoni. Mwa zonse zimene tinalawa, uyu ndiye woyenera mtengo wake, chifukwa anakwanira anthu asanu ndi tiyi.

SOWETO

Mateksi: R120.
Kota 3: R135. Buledi wodulidwa panayi, amakumba pakati n'kuikamo tchipisi, poloni, tchizi ndi atchar. Mmodzi akanakwanira amayi ndi ine.
Kuyenda mu Vilakazi Street ku Orlando West, kuona nyumba nambala 8115 imene ankakhala Nelson Mandela ndi chikumbutso cha Hector Pieterson cha ana asukulu a 1976: miyendo yathu.

Tili m'teksi pobwerera amayi anayamba nkhani ya bambo awo, agogo athu, amene anapita ku Joni pa Wenela kukagwira ntchito m'migodi. Akamabwerera kumudzi, m'bokosi lawo munkakhala bulangete, nsalu ndi kathumba ka maswiti, ndipo kathumbako ankagawira ana a mudzi wonse, aliyense switi imodzi. Maulendo aja anaima mu 1974, ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu. Amayi anati kuyambira ali mtsikana ankafuna kuona kumene maswiti aja ankachokera. Sanauzepo aliyense. Mtengo: palibe.

KULESITILANTI, ANTHU ANAYI

Amayi, nsomba ya hake ndi tchipisi: R165.
Ine, nkhuku yowotcha: R175.
Achimwene ndi alamu, nyama ya ng'ombe, R230 aliyense: R460.
Zakumwa: R140.
Malva pudding ndi kasitadi, 4: R220.
Bilu: R1,160. Msonkho wa VAT wa 15 peresenti uli kale m'mitengoyi.
Ya wotiperekera chakudya: R120. Ku Joni mwambo wake ndi 10 peresenti kapena kuposerapo, ndipo ambiri mwa iwo amadalira yomweyo. Usamalowe ngati sunaiwerengere.
Pamodzi: R1,280, kapena kuti K153,600.

Atapatsidwa pepala la zakudya, amayi anayendetsa chala kumene kuli mitengo, kufunafuna nambala yaing'ono. Achimwene anati, "Amayi, inu werengani kumanzereko. Kumanjako n'kwathu." Anasankha nsomba. Anati siifika pa chambo, ndipo n'zoona, hake ilibe kukoma kwa chambo cha ku Mangochi, koma ilibenso minga yovutitsa. Malva pudding inabwera yotentha, yofewa, yomwa msuzi wa kirimu ndi batala. Alamu anati mumalowa jamu wa apricot ndi kaviniga pang'ono. Amayi anapempha cholembera kwa wotiperekera n'kulemba zimenezi kuseri kwa lisiti. Lisitilo ndalimata pa tsamba lino, ndi lawo, ndangobwereka.

POBWERERA

Chokoleti, mabisiketi a Tennis ndi chingamu cha Chappies, za ana ndi adzukulu a aneba: R310.
Jamu wa apricot ndi golden syrup, zimene anasankha amayi: R130.
Chakudya cha panjira: R200.
Ma randi onse otuluka: R2,900.
Otsala: R100.

KUWONKHETSA

Zotsekemera, kota, lesitilanti ndi za ana ndaziphatikiza pazokha kuti zisabisale m'mizere ina: R2,060, ndiko kuti K247,200. Pa mtengo wa mu Juni, amenewa ndi matumba 6 a chimanga, n'kutsalako pang'ono. Nambala imeneyi ndaiona bwinobwino, ndipo ndikudziwa kuti kumudzi kwathu alipo amene chaka chino sanakolole matumba 6. Thumba limodzi mwa athu aja lapita kwa azakhali. Lili pa tsamba la Seputembala.

Komabe sindilemba K247,200 imeneyi pansi pa mutu wa zowonongeka. Mabuku anga akale ndawatsegula onse. Dzina la amayi limapezeka pa mizere iwiri yokha, mankhwala ndi feteleza. Munthu amene anatiphunzitsa sukulu ndi mafuta a m'chiwaya sangamalembedwe pa matenda ndi pa munda pokha. Ali ndi zaka 68, mano ali nawo, miyendo ikuyenda, shuga ali bwino. Nthawi yake inali yomweyi.

Zimene ndingachotse ulendo wina: jalebi, kota mmodzi, ndi theka la za ana.
Zimene sindingachotse: lesitilanti, ndi R120 ya wotiperekera.

Ngongole: palibe.
Katapila: palibe.
Yotsala: K1,000 ndi R100.

Kuyambira Okutobala, buku lino lili ndi mutu watsopano pakati pa Magetsi ndi Chopereka. Mutu wake ndi Zokoma, K10,000 pa mwezi. Wotsatira pa mndandanda ndi apongozi anga aakazi, ndipo iwo anena kale kuti kunja sakufunako, akufuna chambo chowotcha ku Mangochi ndi keke yathunthu.