Ulemu kwa Cortina, mtchona wokhazikika

Pakhomo pa amalume anga ku Embangweni, amene kwathu kuno timati asibweni, pali mfumu yogona pansi pa mtengo wa mango. Dzina lake ndi Ford Cortina XR6, ndipo eni ake akuti ndikhoza kuitenga ndikapereka ng'ombe ziwiri. Anzanga a pa boma pa Mzimba atamva anaseka mpaka kugwira nthiti, amvekere chiphapha chimenecho ngakhale ogula zitsulo zakutha angachilambalale. Ndawakhululukira. Munthu wobadwira mu Sienta ufumu angaudziwire kuti?

Galimotoyi si yobadwira patchire. Inapangidwa ku Port Elizabeth, m'dziko la South Africa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo anaipatsa injini ya masilinda 6, ya malita atatu, yoti ikabangula agalu amathawira kuseri kwa nkhokwe. Abale ake ankachita nawo mipikisano ya liwiro. Lero ku Joni matamando onse anapita kwa BMW 325iS, ija amaitcha Gusheshe, imene mtengo wake ungamangitse nyumba zamalata zingapo. Cortina anaiiwala, ndipo kuiwalika kwakeko ndi mwayi wa ife amatumba obooka.

Ukulu wake woyamba ndi kukhazikika. Mzimba ndi boma la anthu apaulendo. Agogo athu ankapita kumigodi ndi Wenela, kufikira 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Zidzukulu zawo zikupitabe, pabasi: kubwera Disembala ndi mafiriji, kubwerera Januwale mbewu zisanapaliridwe. Cortina nayo inachokera komweko. Inawoloka pa Beitbridge, inadutsa Nyamapanda, inaona Zambezi pa Tete, inakwera M1 mpaka pa Jenda, n'kukhotera m'fumbi la kwathu. Itafika inayang'ana mudzi, inaukonda, ndipo chichokereni tsikulo sinaganizeko zobwerera. Ndionetseni mtchona wina wa mtima wotere.

Chachiwiri, imamanga mudzi. Galimoto za ku Japan zolowera pa Songwe zimalira ukangodina kabatani, n'chifukwa chake eni ake amadutsa anthu osapereka moni. Cortina siilola mwano umenewo. Kuti ilire pamafunika anyamata asanu, mtsetse wabwino ndi pemphero lalifupi. Choncho amalume amadziwa dzina la mwana aliyense m'mudzi, sajomba pamaliro, ndipo sakongoza munthu mwachiwongoladzanja, poti mawa munthu yemweyo ndiye batire. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Akanaiona Cortina akanawonjezera kuti suliza galimoto.

Chachitatu, ndi sukulu yosalipiritsa fizi. Mwini wake amadziwa chitunda chilichonse pakati pa Jenda ndi Mzimba, amaimika galimoto mphuno italoza kumunsi, ndipo pansi pa mpando sipasowa mwala wotsekera tayala, umene uli buleki yokhulupirika kuposa ija ya kufakitale. Ndinawaonapo amalume atatsegula boneti m'mawa wa Juni, chisanu chikuluma zala. Anachotsa kapaipi ka petulo, anakayamwa, analavula, anathira timadontho m'kamwa mwa kabuleta ngati mayi womwetsa khanda mankhwala, kenako anamanga paipiyo ndi legeni. Thanki itadontha anaimata ndi sopo wochapira. Galimoto zamakono zikadwala zimafuna kompyuta ya ku Mzuzu. Iyi imachira ndi sipanala, waya wa pa khola ndi mawu achipongwe pang'ono.

Ena amainena kuti imamwa mafuta ngati mlendo wosaitanidwa paukwati. N'zoona, koma imamwa ikayenda, ndipo siyendayenda. M'chaka cha 2022 mafuta atasowa m'dziko muno, eni galimoto zabwino ankagona pamizere, udzudzu ukuwadya, ena akuthamanga ndi zigubu. Amalume ankagona kunyumba, pabedi. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya zipangizo za galimoto inakwera kuopsa. Amalume sizinawakhudze, chifukwa zipangizo za Cortina sizipezeka m'sitolo iliyonse, kaya kwacha igwe kaya idzuke.

Nanga za banja? Azakhali sanayambe afunsapo kuti bambo ali kuti. Amangosuzumira pazenera n'kuona miyendo iwiri itatulukira kunsi kwa galimoto. Akuba nawo amaipatsa ulemu: wina anayesapo usiku, m'mawa tinapeza atasiya patapata mmodzi ndi thukuta pabuti. Ndipo musamati siibereka. Pampando wakumbuyo nkhuku yaswerapo anapiye kasanu, m'buti mumasungidwa nyemba anankafumbwe osazipeza, padenga pamauma mfutso msanga kuposa pamphasa.

Ulendo wake waukulu womaliza unali wa ku Umthetho, mwambo wa Angoni umene umachitika mu Ogasiti patsinde pa phiri la Hora. Tinanyamuka Lachinayi, amalume atavala nthenga kumutu, chishango chili pampando. Galimoto zina zinatipitirira ndi fumbi, osaona kanthu. Ife tinaona dziko. Tinadziwa midzi, tinadya nsima kwa anthu atatu osawadziwa, tinamwetsa rediyeta madzi a m'zitsime zinayi. Phirilo tinaliona bwino lomwe, chapatali, anthu ovina ingoma akubwerera kwawo. Pobwerera inakokedwa ndi ng'ombe ziwiri zapangolo, ndipo ndikuuzeni, palibe galimoto imene inayendapo mwaulemu chotero: pang'onopang'ono, mopanda phokoso, ana akuthamangira m'mbali ngati kukudutsa Inkosi.

Choncho ndatsimikiza mtima. Mayi a kunyumba andifunsa kuti, "Bambo, ng'ombe zimalima, nanga chitsulochi chidzalima chiyani?" Ndawayankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, iwo n'kungoti nkhonoyo ndiye ikuposa galimoto yanuyo liwiro. Loweruka ndikukapereka ng'ombe zanga ziwiri kwa amalume. Tagwirizana kale kuti akazilandira andibwereke tsiku lomwelo, pamodzi ndi goli ndi tcheni, kuti ndipite nayo kwathu galimoto yanga.