Chikondi cha Arliss chimatha ndi kontrakiti

Pa kanema wa HBO, kuyambira 1996 mpaka 2002, pankaonetsedwa sewero loseketsa la Arli$$. Robert Wuhl ankasewera ngati Arliss Michaels, mkhalapakati wa akatswiri a masewera, munthu wolumbira kuti kasitomala aliyense ndi mbale wake, bola gawo lake la ndalama lilowe.

Zigawo zokoma kwambiri ndi zija akatswiri enieni, a Kobe Bryant ndi anzawo, ankatulukiramo ngati iwo eni. Ena mwa iwo, anthu osanjenjemera pamaso pa chikhamu m'bwalo, akangopatsidwa mawu awiri oti anene pa kamera ankauma ngati chitsa. Nthabwala inali pomwepo, kaya olemba anafuna kaya ayi.

Olemba nyuzipepala ankalinyoza seweroli chaka ndi chaka, HBO osalichotsa. Sandra Oh, yemwe ankatumidwatumidwa mu ofesi ya Arliss, pambuyo pake anakapezeka ali dokotala mu sewero la Grey's Anatomy.