Mbiri ya Kwacha Poiyeza ndi Mbuzi

Akatswiri a zachuma amaphunzitsa kuti mphamvu ya ndalama ya dziko imadziwika poiyerekeza ndi ndalama ya dziko lina, kawirikawiri dola ya ku America, koma njira imeneyi ili ndi vuto m'chigwa cha Shire, kumene dola imatchulidwa tsiku ndi tsiku ndi anthu amene sanaikhudzepo, kuphatikizapo mayi wogulitsa tomato wa m'dimba lake lomwe, yemwe akafunsidwa chimene mulu wachepera amayankha kuti dola yakwera. Pa chifukwa chimenechi mlembi wa danga lino, yemwe maphunziro a zachuma anachitira pansi pa mtengo wa masau ku Ngabu ndipo satifiketi anadzilembera yekha, wasankha muyeso umene munthu aliyense kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka angathe kuugwira mwendo, ndiwo mbuzi. Nkhokwe ya chuma cha mlembiyu ili ndi mbuzi imodzi yaikazi, yomangidwa ndi chingwe chopotedwa kuchokera ku neti yakale ya udzudzu.

Kwacha inayamba kugwira ntchito mu 1971, pamene inalowa m'malo mwa paundi ya Malawi pa mtengo wa makwacha awiri pa paundi imodzi, ndipo nthawi imeneyo inali yamphamvu kuposa dola, moti munthu wosintha dola imodzi ankabwerako ndi matambala okhaokha. Mbuzi ya chaka chimenecho inali ndi miyendo inayi, nyanga ziwiri ndi mchira umodzi. Mu February 1994 boma linaleka kuikira kwacha mtengo n'kuisiya m'manja mwa ogula ndi ogulitsa ndalama zakunja. Mu May 2012, boma la Joyce Banda litangolowa, dola inachoka pa K168 n'kufika pa K250 tsiku limodzi. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 Banki Yaikulu ya dziko lino inaitsitsanso ndi 44 peresenti, dola n'kudumpha kuchoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700. Kafukufuku amene mlembi anachita m'khola m'mawa wotsatira chilengezo chomalizachi anapeza kuti miyendo ya mbuzi inali ikadali inayi.

Maiko oyandikana nalo dziko lino anathana ndi manyazi a ziro wochuluka pongowafufuta: Mozambique, yemwe metikali yake imadziwika bwino m'misika ya ku Nsanje, anachotsa atatu mu 2006, ndipo Zambia anachita chimodzimodzi mu 2013. Malawi anasankha kukulitsa mapepala, natulutsa K1,000 mu 2012, K2,000 mu 2016 ndi K5,000 mu 2022. Mbuzi payokha imachulukana popanda kupempha chilolezo ku bungwe la IMF, ndipo chiwongoladzanja chake, ndiko kunena phindu limene chuma chosungidwa chimabala, chimabwera chikuyenda chokha, nthawi zina mapasa.

Chilungamo cha maphunziro chikufuna kuti zofooka za ndalama imeneyi zitchulidwenso. Silowa m'thumba, kondakitala wa minibasi yopita ku Blantyre sangabweze nayo chenje, ndipo ikadula chingwe n'kukalowa m'munda wa mapira wa mnansi imabweretsa chimene akatswiri amachitcha ngongole yakunja, yomwe zokambirana zake zimachitikira pabwalo la amfumu, wobwereka atagwada. Imathanso kutayika yonse nthawi imodzi, monga mabanja ambiri a ku Chikwawa ndi ku Nsanje anaonera pa namondwe wa Freddy mu March 2023, kapenanso kutengedwa ndi fisi usiku. Komabe fisi ali ndi ulemu wake, pakuti akatenga mbuzi amathawira kuthengo, ndipo m'mbiri yonse ya chigwachi sanaitanepo atolankhani kuti awafotokozere kuti zimene wachitazo zithandiza mwini khola m'tsogolo.

Chiphunzitso chimati kutsitsa mphamvu ya ndalama kumapindulira ogulitsa katundu kunja, pakuti dola iliyonse imene apeza imawapatsa makwacha ambiri. Mlimi wa thonje wa ku Ngabu amalima mbewu yopita kunja ndithu, koma dolayo imathera m'manja mwa amene anamugula thonjelo pa sikelo, pamene mankhwala opopera, sopo, mafuta ophikira ndi mtengo wa galimoto zimamukwerera sabata yomweyo. Wodula nzimbe ku Nchalo amadikira miyezi kuti malipiro ake asinthe. Dziko logula kunja mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala pa ndalama zochuluka kuposa zimene fodya, tiyi ndi shuga zimabweretsa lidzapitiriza kutsitsa kwacha, ndipo olipira mtengo wake ndi anthu amene sanafunsidwepo kanthu.

Mabanki aakulu amayeza nkhokwe zawo za ndalama zakunja powerenga miyezi imene zingagulire dziko katundu. Mayi a kunyumba kwa mlembi, omwe ndiwo gavanala wa banki ya pakhomopo, awerengetsa kuti nkhokwe yomangidwa pachikhomo ija ingakwanire fizi ya mwana mmodzi teremu imodzi, yunifolomu osawerengera, ndipo alamula kuti ipite kumsika Loweruka. Pempho la mlembi loti kafukufuku angasokonekere lakanidwa popanda kukambirana.