Mphaka, Mbewa ndi Maatomu Okana Kuyenda

Padangokhala, mu 2008, Mphaka ndi Mbewa ankakhala m'labotale ya wasayansi Alain Aspect ku Palaiseau, kufupi ndi Paris. Usiku wina Mphaka anapanikiza Mbewa kuseri kwa makina.

"Amalume, musanandidye tiyeni tibetcherane," anatero Mbewa. "Akatswiri a muno aziziritsa maatomu a rubidium mpaka kutsala pang'onong'ono kufika pa madigiri -273, pamene kuzizira kumathera. Mawa awamasula kuti ayende m'kanjira ka kuwala kwa laser. M'kanjiramo amwazamo timawanga ta kuwala kodutsa pa galasi lokhakhala, tokankha maatomu, topanda dongosolo lililonse. Kodi adutsa?"

"Timawangato n'tamphamvu bwanji?"

"N'tofooka. Atomu ili ndi mphamvu zokwanira kulumpha kalikonse."

Mphaka anaseka chikhakhali. "Ndiye ukufunsiranji? Adutsa! Akadutsa, iwe ndiwe ndiwo."

Kutacha, awiriwo anabisala pansi pa tebulo. Poyamba akatswiri anamasula maatomu popanda timawanga, ndipo maatomuwo anamwazikana mbali zonse ziwiri. Mphaka ananyambita milomo. Atayatsa timawanga, maatomu anayenda pang'ono, kenaka njii! Osasunthanso.

"Wandilodza iwe!"

"Ayi amalume. Wasayansi Philip Anderson ananeneratu zimenezi mu 1958, ngakhale iye ankanena za ma electron. Kukazizira chonchi atomu imayenda ngati funde pamadzi. Ikafika pa kawanga imagawika, gawo lina kupitirira, lina kubwerera. Kawanga kotsatira, chimodzimodzi. Timafunde topita kutali timakumana mosemphana n'kumafafanizana, pomwe tobwerera kumene tachokera timalimbikitsana. Palibe mpanda umene wayitsekera, koma atomu yatsala pomwe inayambira. Ku Florence nakonso aona zomwezi ndi maatomu a potassium, atayamba awaletsa kukankhana. Akamakankhana, amayambanso kusefukira pang'onopang'ono."

"Zopusa," anatero Mphaka. "Ine tinthu ting'onoting'ono sitingandibweze."

"Zoona amalume. Paja munati liti mupita ku Paris kukagwira makoswe onenepa aja? Chaka chatha munabwerera pageti chifukwa cha mame. Ulendo wina munamva fungo la mkaka. Dzana munati mchira ukuyabwa."

Mphaka anadzuka mwaukali, ndevu zili nyankhalala, nalunjika kukhomo. Atayenda mapazi atatu anapeza kadzuwa kakuwomba pansi, nati ayambe wawothako kaye.

Mbewa anatola nyenyeswa zake n'kulowa kuuna. Mphaka uja ku Paris sanafikeko.